Pa Kanjinga Kamoto Kucokera ku Lusaka Kunka ku Chipata

Munthu wofuna kupita ku Chipata pa kanjinga kamoto ka Vespa, kaya akhala ku Kabwata kapena ku Kabulonga, ayamba kukonzeka kukali masiku, pakuti mtunda wace ndi makilomita pafupi-fupi 570. Ayang'ana mabuleki, pulagi ndi gudumu lapadera. Timagudumu ta Vespa nkuti ndi tating'ono: dzenje limene lole ilumpha osalimva likhoza kumgwetsa cagada. Ma Vespa akale afunanso oilo wosakaniza ndi petulo, ndipo woiwala botolo lace aoca injini pathengo.

Njira iyambira kumapeto kwa Cairo Road, nidzera pa Manda Hill mpaka pa thanki ya madzi ya ku Chelstone, pamene kale tauni inali kuthera. Kupitirira Chongwe ndi Rufunsa mseu ukhota-khota m'mapiri a Manenekela, kumene mabasi atsika mwaliwiro osalabada kanthu kakang'ono kotere.

Pa ulalo wa Luangwa, wa caka ca 1968, kumatentha koopsa. Injini iyenera kupuma, mwini wace nadyako nsomba pamsika. Wocenjera agona ku Nyimba kapena ku Petauke, cifukwa usiku ng'ombe zoyenda pamseu sizioneka msanga.