Tsiku limodzi pa Guanghua, msika wa makompyuta ku Taipei

Ikamakwana 9 koloko m'mawa zitseko zachitsulo zimakhala zili chitsekere, koma panja pali kale piringupiringu. Njinga zamoto zaima mondondozana m'mbali mwa msewu wa Civic Boulevard, anyamata akutsitsa makatoni olembedwa ASUS, MSI, Gigabyte ndi ASRock. Makampani anayi onsewa ndi a konkuno ku Taiwan, moti pano mayina amenewa amatchulidwa ngati a anansi.

Msika wa Guanghua unayamba mu 1973 kunsi kwa mlatho wa magalimoto, ndipo oyamba kuyalapo malonda anali ogulitsa mabuku akale. Zamagetsi zinabwera pambuyo n'kulanda malo pang'onopang'ono. Mlathowo unagwetsedwa mu 2006, ndipo kuyambira 2008 amalondawo ali m'nyumba iyi ya nsanjika zisanu ndi imodzi. Koma kupanikizana kwa pansi pa mlatho anasamuka nako: timashopu n'tating'ono, katundu wafika kudenga, ndipo anthu awiri akakumana m'kanjira wina ayenera kupendeka.

Zitseko zitangotsekulidwa, wophunzira wina wa pa yunivesite yoyandikana ndi msikawu analowa m'kashopu kena atagwira foni m'manja. Mndandanda wa zonse zimene ankafuna unali m'fonimo. Mwini shopu anthu amamutchula kuti laoban, ndiye kuti bwana, monga amachitira aliyense kuno. Laobanyo anauwerenga mndandandawo osafulumira, n'kuloza mzere woyamba, pomwe panalembedwa Core i5-14600K. Ankafuna kudziwa ngati mnyamatayo ali ndi maganizo ochita overclock, ndiye kuti kukweza liwiro la purosesa kupitirira la kufakitale. Funsoli ndi la ndalama. Chilembo K chimasonyeza kuti purosesayo ya Intel sinakhomedwe loko pa liwiro, koma kuti ufulu umenewo ugwire ntchito pamafunikanso motherboard ya gulu la Z, monga Z790, komanso choziziritsa champhamvu. Mnyamatayo anagwedeza mutu kuvomera. Mtengo unakwera pomwepo.

Kumanga kompyutayo sikunatenge nthawi. Mmisiri wa m'shopumo, mtsikana wovala magalasi amene sanalankhule mawu opitirira khumi m'mawa wonse, anakhazika purosesa m'malo mwake, kudonthezapo thermal paste wofanana ndi njere ya nsawawa, n'kumanga choziziritsa cha madzi chokhala ndi mafani atatu. Atayatsa makinawo anayamba kugogoda batani la Delete mpaka BIOS, pulogalamu yosinthiramo kagwiridwe ka makina, inaonekera pa sikirini. Apa m'pamene ntchito yeniyeni inayambira.

Masamu ake ndi a pulayimale. Purosesa ili ndi wotchi yoyambira ya 100 MHz, ndipo imachulukitsidwa ndi nambala yotchedwa multiplier. Mukaika 53, liwiro ndi 5.3 GHz, pomwe purosesa imeneyi imafika yokha ikachoka kufakitale. Mnyamatayo ankafuna 57. Kulemba 57 n'kosavuta. Kuti makina akhazikike pa 57 ndi nkhani ina. Liwiro likakwera purosesa imafuna magetsi ochulukirapo, ndipo kutentha sikukwera mofanana ndi magetsiwo ayi, kumathamanga kuwaposa. Zili ngati ng'ombe ya pangolo: chikwapu chimaiwonjezera liwiro, koma phiri likatalika imagona pansi. Purosesa imeneyi ikafika madigiri 100 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndiye amene anaikweza amapezeka kuti wabwerera mmbuyo.

Asanakhudze nambala iliyonse, mmisiriyo anayamba waika BIOS yatsopano. Chifukwa chake aliyense pamsikapa akuchidziwa. Mu 2024 kampani ya Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankapempha magetsi opyola muyezo n'kumawonongeka pang'onopang'ono. Inatulutsa zokonzera vutolo kudzera mu BIOS, n'kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. Laoban anamukumbutsanso mnyamatayo kuti warantiyo siteteza purosesa imene yawonongeka chifukwa cha overclock.

Masana msika unadzaza. Fungo la mpunga ndi nkhumba yokazinga linalowerera m'tinjira tonse, ogulitsa akudyera pa kauntala, timitengo todyera kudzanja limodzi, kakyuleta kudzanja linalo. Alendo ochokera kunja ambiri amayamba akawona Syntrend, nyumba yowala imene inatsegulidwa mu 2015 pafupi pomwepa, kenako n'kuwolokera kuno kudzanenerera mitengo.

Cha m'ma 2 koloko, pa 57, kompyuta inayaka bwinobwino, Windows n'kutseguka. Mnyamatayo anamwetulira. Mmisiri anatsegula pulogalamu ya Cinebench, imene imagwiritsa purosesa ntchito yakalavulagaga. Mafani anayamba kulira, nambala ya kutentha ikukwera: 84, 91, 96. Sipanathe mphindi ziwiri, sikirini yonse inasanduka yabuluu, makina n'kuzima. Anawonjezera magetsi pang'ono, n'kuyesanso. Ulendo uno sinazime, koma inagunda 100 n'kuyamba kubwerera yokha. Anatsikira pa 56. Inadutsa pa Cinebench, n'kukagwa pa pulogalamu ina yoyesera ya OCCT patatha mphindi makumi awiri. Kamodzi inakaniratu kuyaka, sikirini ili bii, mpaka mtsikanayo anatenga sikuludiraiva n'kukhudzitsa timapini tiwiri ta CMOS kuti BIOS iiwale zonse. Mnyamatayo anali atasiya kumwetulira kalekale.

Panalibe chimene mmisiriyo analakwitsa. Mapurosesa awiri a dzina limodzi, ochokera m'fakitale imodzi, safanana mphamvu; wina amakwera ndi magetsi ochepa, wina amakana. Okonda ntchitoyi amati ndi silicon lottery, ndipo ndi lotale ndithu, chifukwa katoni sinena chimene chili m'katimo. Achikulire ena pamsikapa amakumbukabe Celeron 300A ya 1998, imene inkachoka pa 300 MHz kufika pa 450 mwa kungosintha nambala imodzi. Masiku amenewo overclock inali mphatso ya wosauka. Lero opanga amafinya okha pafupifupi zonse asanagulitse, n'kukusiyirani makombo.

Zimene zimakopa anyamata ngati uyu ndi zimene amaona pa chionetsero cha Computex, chomwe chimachitika mumzinda womwe uno: akatswiri akuthira nayitirojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, nthunzi yoyera ili tolotolo patebulo. Mu December 2022 gulu la ASUS linadutsitsa Core i9-13900K pa 9 GHz pogwiritsa ntchito heliyamu wamadzi. Koma makina otero amangokhala pa liwirolo kanthawi kokwanira kujambula umboni. Palibe amene amaseweretsapo gemu.

Kunja kutayamba kuda, anagwirizana pa 55. Mmisiri anasiya OCCT ikuyenda ola lathunthu, kutentha kukusewera m'ma 80, ndipo makina sanatekeseke. Kenako anabwerera mu BIOS n'kuyatsa XMP, kuti RAM ichoke pa 4800 ifike pa 6000, liwiro lolembedwa pa paketi yake. Zimenezi zinamutengera masekondi osakwana khumi, ndipo m'magemu ambiri phindu lake silichepera la ntchito ya masana onse aja. Kunena zoona, pa gemu khadi la zithunzi ndi limene limasenza katundu wambiri.

Itayandikira 9 koloko usiku zitseko zachitsulo zinayamba kutsika chimodzichimodzi. Mnyamatayo anatuluka atakumbatira katoni yake, kulunjika ku siteshoni ya Zhongxiao Xinsheng. Pa tsiku lonselo purosesa yake inachoka pa 5.3 kufika pa 5.5 GHz, kusiyana kosakwana 4 pa 100 iliyonse.