Katoni ya Magazini Akale

Mwezi wathawu mwana wanga wachisamba anabwera ndi katoni ya magazini akale imene anagula pa kaunjika wina kuno ku Etobicoke. Munali Nintendo Power ndi Electronic Gaming Monthly, mapepala ake ofiirira ndi ukalamba. Ndinamufunsa kuti zinyalala zimenezi watayirapo ndalama zingati. Sanandiyankhe. Tinali titatha masabata awiri tisakumwerana madzi, chifukwa iye akufuna kukaphunzira zopanga magemu a pa kompyuta ku Humber, pamene ine ndikufuna achite unamwino, ntchito imene munthu sugona nayo ndi njala.

Tsiku lina nditaweruka kunaiti tulo tinakana, ndiye ndinayamba kuvundukula magaziniwo. Mkati mwake atolankhani ankacheza ndi anthu amene ankapanga magemu. Amene anandikoka mtima ndi Shigeru Miyamoto wa ku Japan, mwini wake wa Donkey Kong ya 1981 ndi Super Mario Bros. ya 1985. Bambo ameneyu kusukulu sanaphunzire za kompyuta ayi, anaphunzira luso lojambula kapangidwe ka zinthu. Gemu yake ya Zelda ya 1986 inachokera ku ubwana wake ku Sonobe, kumene ankayendayenda m'nkhalango n'kumalowa m'mapanga. Pomwepo ndinakumbukira alongo anga kwathu ku Dedza akupinda mawaya kupanga magalimoto, bambo akuwakalipira kuti kudimba kulibe munthu. Palibe anabwera kudzawafunsa mafunso iwo aja.

Ndisaname abale, nanenso ndinasewerapo. Ku sekondale tinali ndi ka brick game kamodzi hostelo yonse, tinkabwerekana mobisa amatroni asatione. Mayina a anthu opanga zinthu zimenezi sindinkawaganizira n'komwe. Nditafufuza pa foni ndinapeza kuti Tetris anaipanga ndi Alexey Pajitnov ku Moscow mu 1984, koma poti ankagwira ntchito ya boma la Soviet, phindu la gemu yakeyo anayamba kulandira mu 1996. Zaka 12! Ndinati eya, mfundo yanga ija ndaipeza.

Madzulo ndinamuuza mwana uja nkhaniyi tikudya nsima. Anati akuidziwa kale. Kenaka anandifunsa mwaulemu ndithu: "Amayi, nanga inuyo mutalandira dipuloma yanu kumudzi munkalandira zingati? Bwanji simunaisiye ntchitoyo?"

Ndinangoti adye nsima ingazizire. Zolembetsa ku Humber sitinagwirizanebe, koma katoni ija ndaichotsa pakhomo pamene ndinaiika kuti ipite ndi zinyalala za mlungu uno.