CAKUDYA CA MASANA M'MISEU YA HANOI

Wolemba Mtolankhani Wathu

MLENDO wofika mu mzinda wa Hanoi, likulu la dziko la Vietnam, safuna nkoloko kuti adziwe kuti dzuwa layandikira paliwombo. Mphuno ndiyo imamuuza. Ikamakwana 11 koloko, utsi wa nyama ya nkhumba yoocha pa makala umadzaza timiseu topanikiza ta cigawo cakale ca mzindawu, kumpoto kwa thamanda la Hoan Kiem, ndipo anchito a m'maofesi ndi amisiri omanga nyumba amayamba kuimika njinga zao zamoto m'mbali mwa mseu.

Utsi umenewo ndiwo unandifikitsa kwa mai wina amene anali kukupiza moto wa m'mbaula pakhomo pa sitolo. Malo ace onse sanali kuposa mphasa ziwiri. Anandilozera kampando ka pulasitiki konga ka mwana, ndipo nditakhalapo maondo anandifika pacifuwa. Sanandifunse cimene ndinali kufuna, pakuti iye amaphika cakudya cimodzi cokha, cochedwa bun cha. Apa ndiye pagona cinsinsi ca cangu ndi kuchipa kwa malo otere: wophika sataya nthawi, ndipo palibe cimene cimagona m'mphika.

Zisanathe mphindi zitatu, mbale zitatu zinali patsogolo panga. M'mbale yoyamba munali msuzi wofunda, momwe munali kuyandama nthuli za nyama, timibulu ta nyama yopera ndi tizidutswa ta papaya losapsa. Yaciwiri inadzaza ndi bun, tizingwe toyera topangidwa ndi ufa wa mpunga, ndipo yacitatu inali mulu wa masamba aawisi onunkhira. Munthu amatapa tizingweto ndi timitengo tiwiri, kutiviika mumsuzi pamodzi ndi masamba, ndi kuponya m'kamwa. Ine, wozolowera kutema nsima ndi dzanja, ndinagwetsa nthuli kawiri mpaka bambo amene ndinakhala naye pafupi anandikonza zala mosaseka, cinthu cimene ndinamuyamika naco.

Mwini wace wa msuziwo ndi nuoc mam, madzi a tinsomba tonga kapenta timene amatitsekera m'migolo pamodzi ndi mcere kwa miyezi yambiri. Paokha fungo lace likhoza kuthawitsa mlendo, koma akasakaniza ndi madzi, shuga, viniga, adyo ndi tsabola, m'kamwa mumavomera. Ndinalipira madong 50,000. Owerenga asadzidzimuke nayo nambalayi, pakuti ndi pafupifupi madola awiri a ku America. Cakudya comweci ndico Barack Obama anadya mu Hanoi mu 2016, ali Pulezidenti, atakhala pa kampando ka pulasitiki.

Amene alibe ngakhale nthawi yokhala pansi amagula banh mi, buledi wamtali wong'amba pakati, woikamo nyama, makaloti owawasa ndi tsabola. Buledi ameneyu anamusiya ndi atsamunda a ku France, amene ulamuliro wao unatha mu 1954.

Akuluakulu a mu Hanoi sanaiwale kuti mseu sunali kununkhira cotere kale. Nkhondo itatha mu 1975, mpunga unali kugawidwa ndi Boma, ndipo anthu anali kulawira m'bandakuca kukaima pamzere ndi kabuku m'manja, nthawi zambiri n'kusakaniza mpungawo ndi cinangwa kapena cimanga kuti ukwane. Mu 1986 dziko linasintha njira ndi mfundo yochedwa Doi Moi, ndipo mu 1988 mabanja anapatsidwa minda yolima okha m'malo molimira makoparetivi. Caka cotsatira, 1989, Vietnam inagulitsa kunja mpunga woposa matani 1 miliyoni. Mlimi atayamba kukhala ndi zotsala, mbaula zinabwerera m'miseu.

Komatu ophikawa alibe mtendere weniweni. Ambiri ndi akazi, ena ocokera kumidzi ya m'cigwa ca mtsinje wa Red River, ndipo malo amene amaphikirapo si ao. Mu 2008 akuluakulu a mzinda analetsa malonda oyendayenda m'miseu 62, ponena kuti amatsekereza anthu oyenda pansi. Kunena zoona mfundoyo si yacabe, cifukwa inenso ndinayenda pakati pa mseu kangapo posowa popita. Koma wolemba kalata mu ofesi amene amadandaula za kuthinana ndi yemweyo amene masana amadzakhala pa kampando kufuna cakudya ca madola awiri.

Ndisanatsirize kudya, galimoto ya oyang'anira miseu inatulukira pamphambano. Mai uja sanakuwe. Anakokera mbaula m'khomo, mwana wace wamkazi anasanjikiza timipando, ndipo ife tonse tinaimirira, mbale zili m'manja, kumapitiriza kudya. Galimoto itapita, timipando tinabwerera m'malo mwace.

Nditadzeranso pomwepo 2 koloko, nyama inali itatha ndipo moto atazima. Mai uja anali kutsuka mbale m'beseni, ndipo pamene ndinakhala paja panali pataima njinga zamoto zinai.