Usipa wa ku Nkhata Bay ndi mizere itatu ya kwathu

Ife a kwa Mpama ku Chiradzulu tinakulira pa madzi a pamjigo ndi a m'timitsinje touma m'chilimwe. Nchifukwa chake nditakwera Ilala ku Monkey Bay pamodzi ndi anzanga a m'kalasi ya mbiri yakale, ndinagwiritsitsa chitsulo ngati mwana wogwira chitenje cha amake pamsika. Sitimayi yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951, koma ine ndinkaona ngati imira tsiku lomwelo.

Titafika pa Nkhata Bay tinatsika kuti tikhaleko tsiku lathunthu. Aphunzitsi anatiimika padoko nkutiuza za Ogasiti 1914. Sitima ya Angelezi yotchedwa Guendolen inanyamukira pomwepo kukaphulitsa sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene inali pamtunda ku Sphinxhafen, komwe lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania. Oyendetsa sitima ziwirizi, Rhoades ndi Berndt, anali mabwenzi ochezerana. Mjeremaniyo anali asanamve nkomwe kuti kwawo ku Ulaya nkhondo yayamba. Anzanga anaseka. Ine kuseka kunandikanika.

Ndinakumbukira agogo anga aakazi. Ankati bambo awo anatengedwa kukakhala mtengatenga pa nkhondo imeneyo, kusenza katundu wa asilikali, ndipo sanabwerere. Manda awo palibe amene akuwadziwa. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anagwira ntchito yotereyi, ndipo ambiri amene anafa anaphedwa ndi njala, kamwazi ndi malungo, osati chipolopolo. M'boma lathu lomwelo, ku Mbombwe, John Chilembwe analemba kalata chakumapeto kwa 1914 yodandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo ya eni ake. Pasanathe miyezi itatu nayenso anali ataphedwa.

Masana tinayenda wapansi kupita ku Chikale. Mchenga unkawotcha kumapazi, madzi ali mbee moti timiyala tapansi tinkaoneka. Ana ankadumpha kuchokera pamiyala nkumakuwirana m'Chitonga, amayi akutsuka mapoto m'mphepete, asodzi akusoka maukonde pamthunzi. Poyamba ndinakhala patali nsapato zili kuphazi. Mumtima ndinkadzifunsa ngati nkoyenera kusewera pamadzi amene ananyamulapo mfuti yopita kukayambitsa maliro.

Kamnyamata kena kanandikoka dzanja. “Achimwene, mukuopa chiyani? Pano mposaya.” Ndinavula nsapato nkulowa mpaka m'chiuno. Funde linandigwetsa, ndinamwa madzi, ndipo ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka. Mutu umene unkandiwawa kuyambira nthawi ya mayeso unasiya osamwa mankhwala. Pambuyo pake tinadya kondowole ndi batala wootcha, ine nkumalimbana ndi nsima yomata m'manjayo.

Nditagona pamchenga, maganizo anabwerera kwa mabwenzi awiri aja. Iwo analibe mlandu wina ndi mnzake. Anangolandira chidani chochokera kwa akuluakulu awo. Apa mpamene ndinadziona ndekha.

Agogo atamwalira, amayi anga ndi mayi aang'ono anakangana pa malire a munda. Malo kwathu ndi ochepa, anthu ndi ambiri, ndiye mizere itatu ya chimanga inasanduka nkhani yofika kwa amfumu. Mlandu unaweruzidwa, koma mitima sinaweruzidwe. Kwa zaka ziwiri ine sindinaponde pakhomo pa mayi aang'ono, ngakhale kuti nyumba zathu nzoyang'anizana. Mwana wawo, amene ndinkagona naye mphasa imodzi, ndinkamulambalala panjira. Sanandilakwire chilichonse. Amayi nawo anayamba kusowa tulo, ndipo kuchipatala anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi. Nkhondo ya pakhomo ilibe mfuti, koma imadya thupi ndithu.

Dzuwa litapendeka ndinapita pamsika ndi ndalama zochepa zimene zinatsala. Ndinagula usipa wouma nkupempha mayi wogulitsayo kuti augawe m'majumbo awiri ofanana.

Nditafika kwa Mpama ndinapereka jumbo loyamba kwa amayi. Ataona lachiwiri anafunsa kuti nla yani. Ndinawauza. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, “Pita kusanade.”

Ndinaodira pakhomo paja mawondo akunjenjemera kuposa mmene ankachitira pa Ilala. Mayi aang'ono anatuluka, nkundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Wada bwanji mwana iwe! Kunyanjako kulibe mthunzi?”

Anandiyalira mphasa. Za munda sitinakambe, ndipo mpaka pano iwo ndi amayi amangopatsana moni wa pakamwa. Koma madzulo amenewo fungo la usipa linatuluka m'makhitchini awiri, ndipo mbale wanga uja anabwera kudzafunsa ngati nzoona kuti nyanjayo tsidya lake silioneka.