Asanakwere basi ya ku Joni

Ana anga a ku Ndirande ndi ku Bangwe, bambo akamanyamuka pa Wenela musangowalongedzera ufa ndi usipa ayi. Pasipoti yathu imalola masiku 30 okha ku South Africa. Akapyola, ena amathera ku Lindela. Khalani pansi mugwirizane: ndalama za pa Mukuru azilandira ndani, mkazi kapena apongozi? Mabanja ambiri ndawaona akupasuka pa nkhani yomweyi.

Ngati amamwa ma ARV kapena mankhwala a BP, atenge okwanira pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, ndipo akafika akalembetse kukiliniki. Pa unamwino wanga ndaona odumphitsa mankhwala akubwerera m'bokosi. Ana akufuna bambo awo amoyo, osati firiji yokha.