Mkamwini wa ku Creuse

Chaka chilichonse, mwezi wa Okutobala ukamayandikira, ndimalandira uthenga wochokera ku ofesi ya misonkho ya dziko la France wondikumbutsa za ngongole ya nyumba. Umayamba kufika ndi wa taxe foncière, msonkho wa malo ndi chimene chamangidwapo. Chaka chisanathe umatsatira wa taxe d'habitation, msonkho wa wokhalamo. Wachiwiriwu Afalansa anauthetseratu mu 2023 kwa munthu wokhala m'nyumba yake ya masiku onse, koma anausiya pa nyumba zimene iwo amazitcha résidence secondaire. Tsiku lina ndinayesa kumasulira mawu amenewa kwa mlongo wanga ku Dedza, ndipo ndinati "nyumba yachiwiri". Anaseka mpaka kugwetsa misozi. "Achimwene, ndiye kuti munatenga mitala osatiuza?" Ndinaseka naye, koma mumtima ndinadziwa kuti walasa. Nyumba yachiwiri imadya mofanana ndi yoyamba, ili ndi nsanje, ndipo ukaichezera kamodzi pa chaka imakulandira ndi madandaulo a miyezi khumi ndi umodzi.

Nyumbayo ili m'kamudzi ka mabanja ochepa kufupi ndi tauni ya Bourganeuf, m'boma la Creuse, pakatikati pa France. Amene anazolowera zithunzi za minda ya mphesa ndi dzuwa la kummwera angakhumudwe nalo derali. Kuli mapiri aang'onoang'ono, nkhalango zowirira, mvula yosatopa ndi ng'ombe zofiirira za mtundu wa Limousin. Makoma a nyumbayo ndi a miyala ya granite, ochindikala kuposa mkono wanga, ndipo denga lake ndi la timiyala tathyathyathya totchedwa ardoise. Kuchoka ku Lilongwe ndimadzera ku Addis Ababa, kukatera ku Paris, kukwera sitima pa Austerlitz mpaka ku Limoges, kenaka galimoto. Ndikamafika pakhomo masiku awiri amakhala atapita.

Sindinaigule monga agulira Angerezi ndi Adatchi amene adzaza m'midzi yoyandikana nafe. Ndinailowa monga mkamwini. Ndili ku Lyon m'zaka za m'ma 1990, ndikulimbana ndi kamvekedwe ka mawu a zilankhulo za Chibantu kuti ndipate digiri yanga yomaliza, ndinakumana ndi mayi wa ana anga, ndipo iyi inali nyumba ya amayi ake, imene nawonso anailandira kwa amayi awo. Khirisimasi yanga yoyamba kumeneko inali ya 1999. Usiku wa pa 27 Disembala kunawomba chimphepo chimene anachitcha Martin, chimene chinagwetsa mitengo yosawerengeka m'dera lonse la Limousin ndi kudula magetsi kwa masiku ambiri. M'mawa mwake apongozi anandipatsa makwerero ndi nyundo osandifunsa ngati ndinakwerapo padenga. Ndinakumbukira kuti kwathu mkamwini watsopano amayesedwa ndi khasu, ndipo ndinakwera.

Apongozi atamwalira mu 2008, nyumba inagwera mkazi wanga ndi mlongo wake pamodzi. Mlamu wangayo ankafuna ndalama, mkazi wanga ankafuna makoma, ndiye tinakongola kubanki n'kumulipira gawo lake. Tinkakhala ku Malawi kuno, koma Julayi aliyense, ana asukulu akapita kutchuthi, tinkanyamuka kukatsekula mazenera.

Mkazi wanga anatisiya mu 2021. Patapita miyezi ingapo ndinakhala pamaso pa notaire, mkulu wa zamalamulo amene ku France nkhani ya chuma cha masiye yokhudza nyumba siitha popanda iye, ndipo anandifotokozera mofatsa njira ziwiri zimene lamulo limapatsa wamasiye amene ana onse a malemu ndi akenso. Ndikanatha kutenga gawo limodzi mwa magawo anayi kukhala langalanga, kapena kutenga usufruit wa zonse. Usufruit ndiwo ufulu wokhalamo, wothyola zipatso ngakhale wochititsa lendi kufikira imfa, pamene umwini weniweni uli m'manja mwa ana. Iye ankalankhula mosamala, poganiza kuti mlendo wochokera kutali samva zinthu zoterezi. Ine ndinkavutika kubisa kumwetulira pakati pa chisoni, chifukwa zimene ankandiphunzitsazo ndinazimva ndili mwana pansi pa mtengo wa kachere: malo ndi a kuchikazi, ana ndiwo eni, iwe unadzangobereka ndi kulima. Kusiyana kunali kumodzi. Kwathu, maliro akatha, akuchikazi amakusudzula. Amakuthokoza, nakumasula kuti ubwerere kwanu ndi mkeka wako. Lamulo la France silisudzula munthu. Ndinasankha usufruit, ndipo ndi siginecha imodzi ndinakhala mkamwini mpaka kumanda.

Anzanga a kuyunivesite akamva kuti ndikupita "kunyumba ya ku France" amaona munthu atakhala pansi pa mtengo, buku m'manja, tambula ya vinyo pambali. Sabata yoyamba sindiwerenga ngakhale tsamba limodzi. Nyumba ya miyala yotsekedwa nyengo yonse yachisanu imamwa chinyontho ngati chinkhupule. Ukatsekula chitseko limakulonjera ndi fungo la chuku, mabuku atafufuma, mchere utasanduka phala. Ndimayamba ndi kutsekula matabwa otchinga mazenera, kenaka ndimatsekula madzi pang'onopang'ono, khutu lili tcheru, pakuti paipi imene inatsala ndi madzi m'nyengo yozizira imakhala itang'ambika madziwo ataundana, ndipo umadziwa pokhapokha khoma likayamba kulira. Padenga pamakhala alendo otchedwa loirs, tinyama tonga mbewa tamchira waubweya, timene timagona chisanu chonse n'kudzuka nthawi yotentha kudzavina usiku pamwamba pa mutu wako. Anyamata a kwathu akanathana nato sabata imodzi, koma iyo ndi nkhani ina. Kunja, minga ya ronces, msuweni wake wa kankhande, imakhala italanda njira ya kuchitsime. Chumuni chiyenera kupalidwa mwaye ndi mmisiri amene amasiya chikalata, chifukwa moto ukabuka a inshuwalansi adzachifuna. Dzenje la zonyansa nalo lili ndi oliyendera ake, popeza kamudziko sikanalumikizidwe ku mipope ya tauni. Chilichonse mwa izi chili ndi mtengo wake m'mayuro, pamene ine malipiro anga ndi a makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, nyumbayo inandikwerera mtengo usiku umodzi popanda mwala ngakhale umodzi kusuntha.

Chimene chimandichotsa kutopa ndi khomo loyandikana nalo. Kumeneko kumakhala gogo wina wa zaka zoposa 90, amene amasunga makiyi athu. Ndikagogoda amayankha ndi mawu a chilankhulo cha makolo ake: chabatz d'entrar. Tanthauzo lake ndi lakuti "tsirizani kulowa", ngati kuti munthu woima pakhomo walowa kale theka, ndipo kungakhale kupanda ulemu kumusiya choncho. Ndakhala ndikufunafuna mnzake wa mawuwa m'Chichewa. "Lowani" ndi lamulo chabe. "Fikani" ndiye amayandikirako, pakuti nayenso amavomereza kuti ulendo unayamba kale ndipo changotsala n'kuumaliza.

Chilankhulocho ndi Chiokisitani cha ku Limousin, chimene gogoyo amachitcha patois, ndipo amatsitsa mawu akamatchula dzinali. Manyazi amenewo ali ndi mbiri. Mu 1794 wansembe Henri Grégoire anapereka lipoti ku nyumba ya malamulo ya nthawi ya chipolowe cha ku France lolimbikitsa kuti zilankhulo za m'midzi zitheretu, ndipo sukulu zaulere ndi zokakamiza zimene zinadza ndi malamulo a Jules Ferry a 1881 ndi 1882 zinkaphunzitsa m'Chifalansa chokha. Gogoyo amakumbukira kanthu kamene mwana wogwidwa akulankhula za kwawo ankapatsidwa kuti asunge mpaka atagwira mnzake, ndipo wotsala nako madzulo ndiye ankalangidwa. Atandiuza izi ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa inenso ndinakanyamula kanthu kotero kusekondale, pa mlandu wolankhula Chichewa. Koma ndisadziyeretse. Chichewa chomwecho, chitakwezedwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, chinakankha Chitumbuka pawailesi ndi m'sukulu, ndipo ine amene ndimadya chifukwa cha Chichewa ndakhala mbali zonse ziwiri za ndodoyo. Lamulo la Deixonne la 1951 linalola kuti Chiokisitani chiphunzitsidwe m'sukulu, koma m'kamudzi kathu linapeza amayi ataleka kale kuchilankhula kwa makanda. Ndajambula mawu a gogoyo kwa maola ambiri. Sindidziwa ngati ndidzalembapo kanthu. Mwina ndimangofuna kuti wina azimumvera.

Ndi iyeyo amene anandiuza chifukwa chimene nyumba za m'dera losauka chonchi zinamangidwira mwaluso lotere. Kwa mibadwo yambiri amuna a ku Creuse anali amisiri omanga oyendayenda. Ankanyamuka wapansi cha m'Marichi kupita ku Paris ndi ku Lyon, n'kubwerako chisanu chikayamba, minda ndi ana zili m'manja mwa akazi. Wodziwika kwambiri mwa iwo, Martin Nadaud, anabadwira ku Soubrebost, pafupi ndi ife, mu 1815. Anapita ku Paris ali ndi zaka 14 kukanyamula matope, ndipo mu 1849 anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo. Ambiri sanabwerere. Mu 1851 boma la Creuse linali ndi anthu pafupifupi 287,000. Lero sakwana 120,000. Mdzukulu wa munthu amene anapita ku Joni pa Wenela safunika womumasulira nkhani yotere. Mawu akuti mtchona ndinamuphunzitsa gogoyo, ndipo anawakonda, nawatchula mobwerezabwereza, akuloza nyumba zotsekedwa za m'mbali mwa msewu. Nyumba za matchona amenewo ndizo zasanduka zatchuthi. Angerezi amene anazigula akhala akudandaula chiyambire 2021 kuti tsopano amaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 alionse. Ndimawamvera chisoni ndithu, ngakhale kuti ine masiku amenewo ndakhala ndikuwawerenga pa chala moyo wanga wonse wa ukamwini.

Chaka chatha mmisiri wa madenga anakwera, nakhalako nthawi yaitali, natsika akupukusa mutu. Misomali yogwira timiyala tija yadyeka ndi dzimbiri, ndipo kusintha kamodzikamodzi monga ndakhala ndikuchitira chiyambire 1999 n'kutaya nthawi. Denga lonse liyenera kusasulidwa. Mtengo umene analemba papepala ndinauwerengera m'makwacha kawiri, poganiza kuti ndalakwitsa ziro.

Pamenepa lamulo linandisekanso. Ndime 605 ndi 606 za Code civil zimati wa usufruit asamalire zokonzakonza za masiku onse, koma ntchito zikuluzikulu, monga makoma aakulu, mitanda ndi denga lathunthu, ndi za eni ake. Kunena kwina, dengalo ndi la ana anga. Wamkazi ali ku Toulouse, akuyamba kumene ntchito. Wamwamuna ali ku Blantyre, ndipo ku Creuse amapitako mwaulemu chabe. Ndi bambo wotani angatumize mwana wake kalata yotchula ndime ya lamulo? Mwana wamkaziyo ndiye anayamba yekha kuitchula nkhaniyo pafoni. "Ababa, mukatopa nayo nenani, tigulitse. Amayi sangakwiye." Ndinamuyankha kuti ndamva, ndipo tonse tinadziwa kuti sindinayankhe.

Mwezi womwewo mlongo wanga anandiimbira kuchokera ku Dedza. Malata a nyumba ya malemu amayi, amene ndinawagula ndi malipiro anga oyamba, ayamba kudontha, ndipo mwana wake wachiwiri wasankhidwa kupita kukoleji. Kumeneko sindine mkamwini. Ndine mwini mbumba, malume amene ana a mlongo wake amayang'ana kwa iye. Sanandidzudzule, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangofunsa kuti, "Kodi achimwene, kunyumba yanu inayo mumagonako masiku angati pa chaka?" Ndinati masabata asanu. Anati "Oho," ndipo tinakamba za mtengo wa feteleza.

Ndilibe yankho lomveka bwino pa funso limenelo. Masabata asanu sangalungamitse denga. Ndikhoza kunena kuti ndikusungira ana chuma, koma nyumba za m'midzi ya Creuse zili m'gulu la zotsika mtengo kwambiri m'dziko lonselo, ndipo ndalama ya denga siidzabwerera. Choona n'chakuti m'khitchini muja muli mpando umene mkazi wanga ankakhalapo akusenda mbatata, pakhoma la chipinda chapamwamba pali mizere ya pensulo yoonetsa misinkhu ya ana athu chaka ndi chaka, ndipo manda ake ali mphindi khumi kuyenda wapansi kuchokera pakhomo. Kwathu timati mlendo ndi mame. Ine ndakhala mame a pamudzi umenewo zaka zoposa 25, ndipo sindinakamukebe.

Ndinachita zimene amachita munthu wamitala wosauka: ndinagawa mosakhutiritsa aliyense. Fizi ya mphwanga ndinalipira yonse. Malata a ku Dedza tinasintha a chipinda chimodzi. Mmisiri wa ku France ndinamupempha kuti ayambe ndi mbali yakumadzulo, kumene kumachokera mvula, inayo idikire. Anadandaula kuti kumanga nsanja kawiri n'kuwononga ndalama, ndipo sananame.

Kumapeto kwa Ogasiti ndinatseka madzi, ndinatsekula mipope yonse kuti ikhetse dontho lomaliza, ndinaimika matiresi, ndinasiya zitseko za m'kati zili pululu kuti mpweya uziyenda, ndipo ndinakoka matabwa a mazenera limodzilimodzi mpaka m'nyumba munada masana. Makiyi ndinakapereka kwa gogo uja. Anawaika m'chitini cha mabisiketi mmene amakhala nthawi zonse, nandifunsa tsiku limene ndidzabwere, kuti adzatume mdzukulu wake kudzatsekula mazenera kutatsala sabata. Ndinati pa 10 Julayi. Analemba pakalendala ya chaka chino, m'munsi mwa Disembala, popeza ya chaka chamawa anali asanaipeze.