Bararawa, Mudzi wa Njati Zosambira

Kukangocha, anthu atatuluka mu mzikiti, mbusa wa ku Bararawa amatenga nkhafi yake nakwera kabwato kamene kumeneko amati jukung. Amapalasa mpaka kukafika pa khola lomangidwa pamwamba pa madzi, natsegula chipata, ndipo njati zimatsika pa matabwa otsetsereka imodzi imodzi, khuvu! m'madzi. Posakhalitsa chooneka ndi nyanga, mphuno ndi misana yakuda basi, gulu lonse likusambira kulunjika kumene kuli msipu, mbusa akulondola pambuyo.

Awerengi asadabwe. Izi si njati zolusa za m'thengo zimene alenje amaziopa zija. Ndi njati zoweta, zofatsa ngati ng'ombe, ndipo eni ake amazitcha hadangan.

Mudziwu uli m'dziko la Indonesia, kummwera kwa chisumbu chachikulu cha Borneo, m'chigawo cha Kalimantan Selatan. Anthu ake ndi a mtundu wa Banjar, Asilamu olimbikira chipembedzo. Wochokera ku mzinda wa Banjarmasin amayenda makilomita pafupifupi 190 kuti afike ku Amuntai, likulu la boma la Hulu Sungai Utara, kenaka amapitirira mpaka pa doko la Danau Panggang. Kuyambira kale, njira yochokera pamenepo kupita ku midzi ya dera la Paminggir, monga Bararawa, Sapala ndi Tampakang, ndi ya pamadzi. Mabwato a injini amawatcha klotok, dzina lochokera ku kulira kwa injiniyo.

Dera lonseli ndi dambo lalikulu losalala, la pakati pa mitsinje ya Barito ndi Negara. Mvula ikalimba, kuyambira cha mu Novembro, madzi amakwera nakuta dambo lonse kwa miyezi yambiri, kotero kuti munthu akhoza kutembenuka mbali zonse osaona ndi chulu chomwe. Nyumba, sukulu ndi mzikiti, zonse zinaima pa nsanamira zazitali. Mseu wa m'mudzi ndi ulalo wa matabwa umene umayenda kuchokera pa khomo ili kufika pa khomo ilo, ndipo ana, mbuu za amayi opita kumaliro, ngakhale njinga zamoto, zonse zimadutsa pomwepo, matabwa ali gwedegwede. Mtengo wake ndi ulin, wolimba ngati chitsulo, umene suwola msanga m'madzi. Vuto ndi lakuti ulin umakula pang'onopang'ono kwambiri ndipo unadulidwa wochuluka, motero thabwa likathyoka lero, kugula lina ndi nkhani ya ndalama zambiri.

Khola lija amati kalang. Nthawi ya madzi ambiri, njati zimagona pamenepo, ndipo ana a njati amene sanakhwime amatsala m'kholamo, mbusa n'kumawamwetera udzu. Pakuti njati za anthu angapo zimadyera pamodzi, mwini aliyense amadula khutu la njati yake mwa njira yakeyake, ndipo chizindikirocho ndiye kalata ya umwini. Njati kumeneko silima munda, sikoka ngolo. Ndi nkhokwe ya banja. Mwana akafuna kukwatira, nyumba ikafuna denga, kapena mkulu wa pabanja akafuna kupita ku Haji ku Makka, amagulitsa njati imodzi kapena ziwiri.

Koma si onse ali ndi njati. Chakudya cha tsiku ndi tsiku chimachokera ku nsomba, makamaka haruan ndi papuyu, nsomba zimene zimapuma mpweya wa kunja monga achitira mlamba, n'chifukwa chake zimapirira m'madzi osayenda a m'dambo. Luso la asodzi a kumeneko lagona pa maiwe okumba okha otchedwa beje. Chilimwe chikafika, cha mu Junho kupita m'tsogolo, madzi amayamba kuphwa ndipo nsomba zimathawira zokha m'maiwemo. Mwini amangodikira nthawi yake nakolola. Zina amaziika mchere naziyanika pa ulalo womwe uja, zina amazifutsa m'mitsuko. Haruan ndi ndiwo yokondedwa mpaka m'mizinda, moti ikasowa ku dambo, mtengo wake pa misika ya ku Banjarmasin umakhala nkhani ya m'manyuzipepala.

Chilimwe chomwecho ndicho chimapatsa alimi a m'madambo a chigawochi mpata wobzala mpunga pa matope amene madzi asiya. Amayi amazula udzu wonga mlulu wotchedwa purun, nausinja, naluka mikeka ndi madengu. Kufupi ndi Amuntai kuli Alabio, kwawo kwa abakha otchuka m'dziko lonse la Indonesia chifukwa cha kuikira mazira ambiri.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu wa ku Bararawa saopa madzi, poti anabadwira pomwepo ndipo mwana amadziwa kupalasa asanadziwe kulemba dzina lake. Chimene amaopa ndi madzi osasunga nthawi. Zonse zatchulidwazi, msipu, beje, mpunga, zimafuna kuti madzi akwere pa nyengo yake, aphwenso pa nyengo yake.

M'mwezi wa Janeiro 2021 chigawo cha Kalimantan Selatan chinaona chigumula choopsa, milatho inaduka ndipo anthu zikwizikwi anathawa m'nyumba zawo. Pulezidenti wa nthawiyo, Joko Widodo, atapita kukaona, ananena kuti chigumula chotere chinali chisanaoneke kwa zaka 50, ndipo analoza chala mvula. Bungwe loteteza chilengedwe la Walhi linatsutsa, linati mvula payokha siikanatero chikhala kuti nkhalango za kumtunda sizinagwetsedwe ndi migodi ya malasha komanso minda ikuluikulu ya kanjedza wopangira mafuta ophikira. Amene ali kumunsi kwa mtsinje alibe mawu pa mkangano wotere. Iwo amangolandira madziwo. Ndipo kuyambira 2020 mpaka 2022 mvula inkagwa ngakhale m'chilimwe, dambo osaphwa bwino.

Madzi akakhalitsa ali ozama, udzu umamira n'kuwola. Njati zimasambira mtunda wautali kufuna msipu, zimabwerera zotopa ndi zanjala, matenda n'kupezerapo mwayi. Pamene udzu ukuyesa kuphukanso, nkhono za mtundu wachilendo, zimene zinabwera m'dzikomo kuchokera ku South America, zimadya mphukirazo. Namasupuni naye, amene kumeneko amati ilung, amatseka njira za mabwato. Mwini beje amangoyang'ana dziwe lake lili pansi pa madzi, nsomba zili balalabalala m'dambo lonse.

Chilala chikakula, tsoka limabwera ndi nkhope ina. Nthaka ya m'madambo ambiri a ku Borneo ndi ya zomera zowola, ndipo ikauma imayaka ngati ndowe zouma, moto n'kumayenda pansi osaoneka. Mu 2015 ndi 2019 utsi unakuta Kalimantan kwa masabata, sukulu zambiri zinatsekedwa. Ngalande zimene makampani amakumba pofuna kuumitsa dambo kuti abzale kanjedza zimakulitsa vutoli.

Palinso bala limene anthu amadzipweteka okha. Asodzi ena amapha nsomba usiku ndi magetsi a batire. Lamulo limaletsa, pakuti magetsiwo amapha zazikulu, tiana ndi mazira omwe, koma dambo ndi lalikulu ndipo apolisi ndi ochepa. Midzi ina yafika poyambana pa nkhaniyi. Kunena zoona, wosodza ndi mono sangapikisane ndi wa batire, ndipo akaona mnzake akubwera ndi bwato lodzaza, naye mtima umayamba kugwedezeka.

Achinyamata ambiri amasankha kuchoka. Kwa a Banjar zimenezi si zachilendo, ali nalo ndi liwu lake, madam, kutanthauza kupita kutali kukakhazikika. Makolo awo akale anakafika mpaka ku Sumatra ndi ku Malaysia. A lero amapita ku Banjarmasin, ku masitolo a ku Amuntai, ena ku migodi ya malasha yomwe ija.

Otsala amapitiriza ntchito. Dzuwa likapendeka mbusa amakusa gulu lake, njati zimakwera pa matabwa zikudontha madzi, zoyamwitsa zikuthamangira ana awo. Iye amaima pa chipata, nawerenga makutu.